Mbande Zitatu za Mtendere

Uyu ndi Mtendere. Mtendere ndi mdzukulu wanga. Ndi mtsikana wamng'ono. Mano ake awiri akutsogolo anaguluka. Timakhala kwa Chikweo, ku Machinga. Iye amanditchula Anganga.

Mtendere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mphatso yopatsa amayi ake. Ankafuna mphatso yakeyake.

Ine ndimaopa zambiri. Ndimaopa njoka. Ndimaopa chitsime. Ndimaopa njinga zamoto. Ndimaopa ngakhale singano ikagwa pansi. Anthu amandiseka. Aseke. Ana anga onse ndinawalera ine. Palibe amene anathyoka mwendo.

Mtendere akamathamanga ndimati, "Samala, ugwa."

Akakwera mtengo wa mango ndimati, "Tsika, uthyoka."

Akamadya nsomba ndimati, "Samala minga."

Iye amati, "Ndamva, Anganga." Makutu ake amamvadi. Koma miyendo yake simva.

Amayi a Mtendere ndi Martina, mwana wanga. Chaka chimenecho Martina anali woyembekezera. Mwana wosabadwa sitimutchula mokweza. Timangoti, "Kukubwera mlendo."

Tsiku lina Mtendere anandifunsa. "Anganga, mlendo akabwera anthu amatani?"

"Tsitsa mawu," ndinatero. "Anthu amabwera kudzamuona. Wina amabweretsa nkhuni. Wina amabweretsa ufa. Wina sopo."

"Nanga ine ndidzabweretsa chiyani?"

"Iwe ndiwe mwana. Udzangokhala pansi, osasokosa."

Mtendere sanasangalale. Anakakhala pakhonde. Anagwira chibwano.

Mvula yoyamba inagwa. Kunabwera azakhali ake, a Matilda. Iwo ndi alongo a bambo ake. Amakhala ku Ulongwe, ku Balaka. Kumeneko amalima chidede.

A Matilda anamasula mfundo ya chitenje chawo. M'mfundomo munali njere. Zinali njere zochepa, zazing'ono.

"Tambasula dzanja, mwana wa achimwene," anatero a Matilda. "Ichi ndi chidede. Masamba ake ndi ndiwo. Zipatso zake ndi zofiira. Ukaziwiritsa, madzi amafiira psu. Umathiramo shuga, n'kumwa."

Martina anali pamkeka. Anameza mate. "Alamu, musandikumbutse," anatero. "Ndinamwa kwanu kuja. Mpaka lero m'kamwa mwanga simunaiwale."

Mtendere anayang'ana amayi ake. Anayang'ana njere.

"Azakhali, chidede chimapsa liti?"

"Nthawi yozizira."

Mlendo nayenso ankabwera nthawi yozizira. Mtendere anafumbata njere zija. Mphatso inali itapezeka.

"Usaike njere m'mphuno," ndinatero. "Usaike m'khutu."

"Ndamva, Anganga."

Kuseri kwa nyumba kuli kamalo. Nthaka yake ndi yamchenga. Ndi nthaka yotopa. Mtendere anatenga kakhasu kake.

"Samala zala zakumapazi," ndinatero.

Anaunga kamzere kamodzi. Anabzala njere zonse. Sanasunge ngakhale imodzi.

Mbande zinamera. Zinamera khumi. M'mawa uliwonse Mtendere ankaziwerenga. Akaweruka kusukulu ankaziwerenganso.

Koma mbande sizinkakula. Zinali zazifupi. Zinali zowonda. Masamba ake anali achikasu. Chimanga cha bambo ake chinali chobiriwira. Chidede cha Mtendere chinali chachikasu.

"Anganga, mbande zanga zikudwala?"

"Zili ndi njala," ndinatero. "Mumchenga mulibe chakudya."

Bambo a Mtendere ndi a Goliati. Dzina ndi lalikulu, eni ake ndi aafupi. Ndi akamwini anga. Ndi munthu wabwino.

Tsiku limenelo a Goliati anamaliza kuthira feteleza m'chimanga. Thumba linatha. Analiponya pakhonde.

"Ababa, ndipatseni thumbalo," anatero Mtendere.

Analikutumula. Analikutumulanso. M'makona munali mutatsala feteleza. Anadzaza kachitini.

"Tenga, mlimi wamkulu," anatero a Goliati. Kenako anapita kukasamba. Sanamuonetse kathiridwe kake.

Ndinafuna kuwakalipira. Koma mkamwini sitimukalipira. Si mwambo wathu. Ndiye ndinauza nkhuku.

"Inu nkhuku," ndinatero mokweza, "feteleza amawotcha. Mwana sitimupatsa feteleza."

A Goliati anamva ali kubafa. Anaseka chapansipansi. Nkhuku sizinayankhe.

Ndinauzanso Mtendere. "Feteleza amawotcha, wamva?"

"Ndamva, Anganga."

Koma paja ine ndimatero pa chilichonse. Phala limawotcha. Dzuwa limawotcha. Tiyi amawotcha. Mtendere anaganiza kuti ndi mawu anga a masiku onse.

Ine ndinapita kumjigo. Mtendere anapita kuseri kwa nyumba. Dzuwa linali pamutu. Mvula inali itadula. Nthaka inali youma.

Mtendere ankazikonda mbande zake. Ankafuna zikhute. Anathira feteleza patsinde penipeni. Anaunjika kamulu, kamulu, kamulu.

"Idyani," anaziuza. "Idyani mukule."

Atafika kumapeto kwa mzere, feteleza anali atatsala pang'ono. Mbande zitatu zomaliza zinalandira pang'ono chabe.

M'mawa mwake masamba anafota. Tsiku linalo anauma m'mbali. Ankaoneka ngati awauka ndi moto. Mbande zinagwa, imodzi, ina, inanso.

Mtendere anawerenga. "Imodzi. Ziwiri. Zitatu." Anaima pomwepo. Zamoyo zinatsala zitatu zomaliza zija. Nazonso zinali zitawerama.

Mtendere analira. Analira kwambiri.

Mawu anabwera pakamwa panga. Mawu akuti, "Ndinanena." Ndinawameza. Ndinakhala pansi. Ndinamuika mwanayo pamiyendo.

"Anganga, njere zina zilipo?"

"Palibe, mwanawe."

"Zitatuzi zikafa, amayi ndidzawapatsa chiyani?"

Ndinangomupukuta misozi ndi chitenje.

A Goliati anachita manyazi. Anatenga foni. Anaimbira a Matilda ku Ulongwe. Anakweza mawu a foni kuti tonse timve. Ine ndinakhala patali. Foni sindiiyandikitsa kukhutu.

"Achimwene," anatero a Matilda m'fonimo, "mwana mwamupatsa feteleza ngati mtedza wokazinga?"

A Goliati anakanda mutu. Ine ndinayang'ana kumbali. Mumtima ndinati, nenani alongo ake, inu ndinu ololedwa.

"Mtendere, uli pomwepo?" anafunsa a Matilda.

"Ndilipo, azakhali."

"Leka kulira. Palasa feteleza yense amene akuoneka. Thirira madzi ambiri. Kenako upeze manyowa. Nthaka yakoyo ikufuna manyowa."

"Manyowa a mbuzi?"

"Eya. Koma asakhale atsopano. Atsopano amawotchanso. Upeze akale. Akuda, owolerana, ozizira. Ndipo asakhudze tsinde."

Mtendere anatenga chipande chakale. Anapalasa feteleza. Anapalasa pang'onopang'ono. Madzi ndinakatunga ndine. Iye anathirira. Anathiriranso madzulo.

Mbande zitatu sizinafe. Koma sizinadzuke. Zinangokhala chowerama.

M'mawa mwake a Goliati anapita kudambo kukawokera mpunga. Akapita kumeneko amagona konko. Tinatsala atatu, ine, Martina ndi Mtendere.

Mtendere anapita kukhola la mbuzi. Ndi khola latsopano, la m'mwamba. Anasuzumira pansi pake. Fungo linamulasa m'mphuno.

"Awa ndi atsopano, Anganga."

"Ndi atsopanodi. Asiye."

"Nanga akale ali kuti?"

Ndinkadziwa kumene ali. Mtendere nayenso ankadziwa.

Kuseri kwa nthochi kuli khola lakale. Linali la malemu amuna anga. Denga lake linagwa. Udzu unamera mpaka m'chiuno. Kumeneko ndinaonako njoka. Inali yaitali, yakuda bi. Kuyambira tsiku limenelo ndinaletsa. Kumeneko sikupita munthu.

"Anganga, ndipite?"

"Iyayi."

"Ndingotapa pang'ono."

"Iyayi. Iyayi, Mtendere."

Ulendo uno miyendo yake inamva. Sanapite. Anakakhala pafupi ndi mbande zake. Anaziyang'ana. Tsamba limodzi linathothoka. Analitola. Analisunga m'thumba la diresi.

Tsiku linalo tsamba lina linathothoka.

Mtendere anabwera pamene ndinkasenda chinangwa. Anakhala pafupi nane.

"Anganga, njoka imaopa chiyani?"

"Imaopa ndodo. Imaopa mgugu wa mapazi. Ikamva anthu akubwera imathawa."

"Ndiye tipite awiri," anatero Mtendere. "Ine ndizimenya chitini. Inu muzimenya udzu ndi ndodo. Tiziponda mwamphamvu. Inu muziyang'anira ine. Ine ndiziyang'anira inu."

"Iwe ungandiyang'anire ine?"

"Eya. Ndikugwirani dzanja."

Ndinayang'ana mbande zitatu. Ndinayang'ana Martina. Anali pamkeka, mapazi atatupa. Ndinayang'ana mwanayo. Tsamba lija linali likadali m'thumba la diresi lake.

Ndinaika mpeni pansi.

"Kavale nsapato zakusukulu," ndinatero. "Uvalenso masokosi a bambo ako."

Ine ndinavala nsapato zanga zakutchalitchi. Ndinakulunga miyendo ndi matumba. Ndinamanga ndi luzi. Ndinakulunganso miyendo ya Mtendere. Ndinatenga ndodo yaitali. Ndinatenga khasu.

Martina anationa. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira mimba.

"Amayi, mukupita kunkhondo?"

"Usaseke kwambiri," ndinatero. "Si bwino kwa munthu ngati iwe."

Tinanyamuka. Mtendere anasenza dengu pamutu. Chitini anachimangirira m'chiuno. Dzanja lina linagwira kamtengo. Dzanja lina linagwira ine.

Ngo, ngo, ngo, chinalira chitini.

Phwa, phwa, phwa, inalira ndodo.

Di, di, di, analira mapazi.

Tinadutsa nthochi. Tinalowa mu udzu. Dzanja la Mtendere linali lofunda.

"Tatsala pang'ono, Anganga."

"Yang'ana pansi. Usayang'ane ine."

Ngo, ngo, ngo. Phwa, phwa, phwa.

Kenako udzu unagwedera. Tswa, tswa. Ndinaima. Ndinamukokera Mtendere kumbuyo kwanga. Ndinakweza ndodo. Udzu unagwederanso.

Munatuluka nkhuku. Inauluka, kwe, kwe, kwe. Inadutsa pamutu panga. Ine ndinangopezeka ndakhala pansi.

Mtendere anaseka. Dengu linagwa. Anaseka mpaka misozi.

"Anganga, njoka yanu ili ndi nthenga."

"Khala chete, mkazi mnzanga," ndinatero. "Ndidzutse."

Anandidzutsa. Anandisasa fumbi.

Tinafika pakhola. Pansi panali thabwa lowola. Pansi pa thabwalo pankaoneka manyowa. Mtendere anawerama. Anatambasula dzanja.

"Usagwire ndi manja," ndinatero.

Anabweza dzanja. Ndinatembenuza thabwa ndi ndodo. Pansi pake panali chinkhanira. Chinali chachikulu. Chinaimika mchira. Kenako chinathawira mu udzu.

Mtendere sanaseke. Anagwira chitenje changa.

Apa sindinameze mawu. "Ndinanena," ndinatero. "Ndinanena ine."

"Munanenadi, Anganga."

Inu ana, mvetsetsani. Thabwa lakale sitinyamula ndi manja. Mwala waukulu sitinyamula ndi manja. Timayamba ndi ndodo.

Ndinakumba ndi khasu. Ndinatembenuza. Ndinayang'ana bwinobwino. Munalibe kanthu koluma. Manyowa anali akuda. Anali ofewa ngati ufa. Sankanunkha mbuzi. Ankanunkhira ngati nthaka mvula ikagwa.

Ndinaikapo dzanja. Anali ozizira. Mtendere anaikapo lake.

"Akuda, owolerana, ozizira," anatero. "Ndi omwewa."

Tinatapa. Sitinadzaze dengu. Khosi la mwana silichedwa kupweteka. Tinapita, tinabwera. Tinapitanso, tinabweranso. Ulendo uliwonse chitini chinkalira. Ulendo uliwonse ndodo inkatsogola.

Mtendere anagwada pamzere. Anamwaza manyowa mozungulira mbande. Sanakhudzitse tsinde. Anakwirira ndi dothi pang'ono. Pamwamba anayala udzu wouma. Kenako anathirira.

"Pepani," anaziuza mbande. "Ulendo uja ndinakuwotchani."

Posakhalitsa mvula inabweranso. Inagwa bwino, yopanda mphepo.

Tinadikira. Mtendere ankadikira poyera. Ine ndinkadikira mobisa. Ndinkanamizira kukataya phulusa kuseri kwa nyumba.

M'mawa wina Mtendere anandikoka dzanja.

"Anganga, bwerani muone."

"Usathamange. Pansi n'poterera."

Mbande yoyamba inali itaphukira. Kanali katsamba kakang'ono, kobiriwira. Yachiwiri inali itadzuka. Yachitatu nayonso inali itadzuka. Tsinde lililonse linayamba kufiira.

A Goliati anabwera kuchokera kudambo. Anaona mbande. Anamva za khola lakale. Anayang'ana pansi mwaulemu. Koma mapewa awo ankagwedera. Ndinadziwa kuti Martina wawauza za nkhuku ija.

Anadula minga. Anatchinga mzere wonse, kuopa mbuzi.

Nthawi yothira feteleza wachiwiri m'chimanga inakwana. A Goliati anathira m'munda mwawo. Madzulo anabwera kuseri kwa nyumba. M'dzanja anali ndi feteleza pang'ono, m'kapepala. Analinso ndi kachitsekerero ka botolo.

Ndinaitana nkhuku.

"Inu nkhuku," ndinatero, "zija zayambanso."

A Goliati anavula chipewa. Anayang'ana nkhuku.

"Inu nkhuku," anatero, "kawauzeni amayi kuti asade nkhawa. Lero ndimuonetsa bwinobwino. Alongo anga andiphunzitsa. Andikalipiranso kokwanira."

Mtendere anabisa manja kumbuyo. "Ababa, ndikuopa. Ziwaukanso."

"Manyowa akonza nthaka," anatero a Goliati. "Feteleza angowonjezera mphamvu. Vuto linali kuchuluka. Linalinso kuthira patsinde, nthaka ili youma."

Mtendere anaganiza. Anayang'ana mbande zake zitatu.

"Tiyambe ndi imodzi," anatero. "Ziwirizi zidikire. Tione kaye."

Ndinagwedeza mutu. Mwana ameneyu watengera ine.

A Goliati anagwada. Mtendere anagwada.

"Gwira nthaka. Ili bwanji?"

"Ndi yonyowa."

"Ika chikhatho chako pansi, kuyambira patsinde. Pamene chathera, baya dzenje."

Mtendere anabaya ndi kamtengo.

"Tapa ndi kachitsekerero. Usadzaze. Thira m'dzenjemo. Kwirira."

Mtendere anathira. Anakwirira.

"Basi?" anafunsa.

"Basi."

"Kochepa chonchi?"

"Kochepa chonchi."

"Tsopano kasambe m'manja ndi sopo," ndinatero. "Usagwire m'maso. Usagwire pakamwa."

Sabata imeneyo ndinkadzuka woyamba. Ndinkapita kukasuzumira. Tsamba silinafote. Tsamba silinawauke. Linangobiriwira kwambiri. Ndiye Mtendere anathira ziwiri zinazo.

Chidede chinakula. Chinafika m'mawondo a Mtendere. Chinafika m'chiuno. Chinamupitirira mutu. Kenako chinafika m'phewa la a Goliati. Apo sichinavutike.

Nthambi zinachuluka. Masamba anachuluka. Koma maluwa panalibe.

"Anganga, zipatso zili kuti?"

"Kaya," ndinatero. Nanenso ndinali ndi nkhawa.

Mtendere ankasuzumira nthambi iliyonse. Masamba okhaokha. Chimanga chinacha. Mtedza unakhwima. Chidede chinali masamba okhaokha.

"Mlendo akafika chidede chisanapse, nditani?"

"Azakhali ako anati nthawi yozizira. Dikira."

Mvula inatha. Kunayamba kamphepo. M'mawa tinkafunda zitenje ziwiri.

"Vala juzi, udwala chifuwa," ndinkatero.

Ndiye m'mawa wina duwa linatuluka. Linali lachikasu chotuwa. Mkati mwake munali mofiira. Tsiku linalo anatuluka ambiri. Mtendere anavina.

Koma madzulo maluwa ankafota. Kenako ankagwa pansi. Mtendere anatola limodzi.

"Anganga, chawaukanso?"

Ndinawerama. Ndinayang'anitsitsa. Pamene panachoka duwa panatsala kanthu. Kanali kofiira, kosongoka.

"Iyayi, sichinawauke. Taona apa."

Tinthu tofiira tija tinakula. Tinanenepa. Tinadzaza nthambi zonse.

Nthawi ya Martina inayandikira. Anayenera kukadikirira kuchipatala. Womudikirira ndinali ine. Nanga akanapita ndani? A Matilda anabwera kuchokera ku Ulongwe kudzakhala ndi Mtendere.

Ndinamanga katundu. Ndinaima pakhomo.

"Usagwire mpeni," ndinatero. "Usayandikire moto. Usapite kumjigo wekha. Usapite kukhola lakale. Usakwere mtengo."

"Ndamva, Anganga."

Ndinayenda pang'ono. Ndinabwerera.

"Usatsegulire mlendo wosamudziwa."

"Amayi, pitani," anatero a Matilda. "Mlendo wathu angafikire panjira."

Kuchipatala tinakhalitsa. Ndinkaopa za Martina. Ndinkaopa za Mtendere. Ndinkaopa kuti mbuzi zathyola minga. Ndinkaopa mbali zonse.

Mlendo anafika bwino. Anali mwana wamwamuna. Analira mokweza. Martina analinso bwino. Ndinagwada, ndinathokoza Mulungu.

A Goliati anabwera kudzatitenga. Anaimbira foni kunyumba kuti tikubwera. Tinakwera galimoto. Tinatsika pamsewu. Tinayenda pang'onopang'ono. Mwana ndinamufunditsa bwino, kuopa mphepo. Kenako ndinamupereka kwa amayi ake. Ine ndinasenza katundu.

Tinafika pabwalo. Mtendere anatuluka m'khitchini. Ankathamanga.

Ndinamuona. Pakamwa pake panali pofiira. Manja ake anali ofiira. Diresi lake linali lofiira pachifuwa.

Katundu anagwa pansi.

"Mayo, magazi!" ndinakuwa. Ndinamugwira mapewa. "Wagwa pati? Wadzicheka? Tsegula pakamwa. Ndinati usagwire mpeni."

Mtendere anatsegula pakamwa. Lilime linali lofiira psu. Koma ankaseka.

A Matilda anatuluka ndi chikho m'manja. Nawonso milomo yawo inali yofiira.

"Amayi, si magazi," anatero. "Ndi chidede. Mlimi wathu wakhala akulawa kuyambira m'mawa. Akuti akufuna aone ngati shuga wakwana."

Ndinamutembenuza mwanayo. Ndinayang'ana zala zonse. Ndinayang'ana kumapazi. Panalibe bala.

"Mpeni sindinagwire, Anganga," anatero Mtendere. "Anagwira ndi azakhali. Ine ndinachotsa njere. Ndinayanika makoko ofiira palichero. Ndinkaingitsa nkhuku. Mphika anatereka ndi azakhali. Ine ndinathira shuga."

"Ndi kulawa," anatero a Goliati.

"Ndi kulawa," anavomera Mtendere.

Tinalowa m'nyumba. Martina anakhala pamkeka. Mtendere anasamba m'manja. Anasuzumira mchimwene wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi wamng'ono ngati mbande," anatero.

"Usamugwire paliwombo," ndinatero.

Mtendere anatuluka. Anabwera ndi kapu. Ankayenda pang'onopang'ono. Anagwada pamaso pa amayi ake. Anapereka ndi manja awiri.

"Amayi, mphatso yanga ndi iyi. Ndalima ndekha."

Martina analandira. Anayang'ana m'kapu. Anamwa. Anatsinzina, chifukwa chidede chimawawasa. Anamwanso. Anamwa mpaka kapu inatha.

"Chakoma kuposa cha ku Ulongwe," anatero.

"Alamu, ndili pompano," anatero a Matilda.

Martina anamukokera Mtendere pafupi. Dzanja lina linali ndi khanda. Dzanja lina linali ndi Mtendere.

"Zikomo, mwana wanga," anatero.

"Nanga mchimwene wanga alaweko?"

"Iyayi," ndinatero. "Khanda ndi bere lokha. Ngakhale dontho, iyayi."

Apa onse anavomera.

A Goliati anamwa. A Matilda anamwanso. Mtendere anabwera kwa ine. Anagwada. Anandipatsa kapu.

Ndinayang'ana m'kapumo. Chinthu chofiira chotere ndinali ndisanamwepo. Ndinanunkhiza. Ndinaviikamo nsonga ya lilime. Ndinadikira kuti ndione ngati chindichita kanthu. Sichinandichite kanthu.

Ndinamwa pang'ono. Chinawawasa, kenako chinatsekemera. Ndinamwanso. Ndinapendeketsa kapu. Ndinamwa osapuma.

Mtendere anandigwira mkono.

"Anganga, pang'onopang'ono," anatero. "Mutsamwa."

Onse anaseka. Ine ndinapukuta pakamwa. Ndinamupatsa kapu.

"Ndamva," ndinatero. "Kathirenso."